Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamtengatenga ya ku Britain: malire a liwiro la njinga zamagetsi akhale pomwepo, koma wokwera asalangidwe yekha

Olemekezeka a Nduna,

Ndine Mmalawi wokhala mumzinda wa Manchester, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Ndikukulemberani za nambala imodzi ya m'malamulo a unduna wanu: mamailosi 15.5 pa ola, amene ndi makilomita 25. Njinga yamagetsi ikafika pa liwiro limeneli, mota yake imayenera kusiya kukankha. Nambalayi ine ndikugwirizana nayo, ndipo pempho langa loyamba ndi lakuti musaikweze. Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi china. Lamuloli likaphwanyidwa, wogwidwa amakhala munthu mmodzi yekha, mnyamata wobereka chikwama cha chakudya kumsana. Amene anamugulitsa njinga yothamangayo ali phee. Amene amamulipira molingana ndi kuthamanga kwake nayenso ali phee.

Kalatayi ndi yanu, koma oyamba kuiwerenga akhala abale anga, ndipo ena mwa iwo ndi amene amabereka zikwamazo. Choncho mundilole ndiyambe ndanena zimene inu mukuzidziwa kale, chifukwa ambiri okwera njingazi palibe amene anawakhazika pansi n'kuwafotokozera.

Lamulo loyamba la njinga zamagetsi kuno linalembedwa mu 1983, ndipo linkalola mota ya mawati 200 ndi liwiro la mamailosi 15 pa ola. Mu Epulo 2015 linasinthidwa kuti lifanane ndi la mayiko ena a ku Ulaya, ndipo ndi limene tikuyendera lero. Njinga ikhale ndi mapedulo enieni, oti munthu akapalasa iziyenda. Mota yake isapitirire mawati 250 pa mphamvu imene imatulutsa mosalekeza, ndipo izisiya kuthandiza pa mamailosi 15.5. Wokwera akhale wa zaka 14 kapena kuposerapo. Zikatero, pamaso pa boma imeneyo ndi njinga yakapalasa basi: sipafunika laisensi, msonkho, inshuwalansi kapena nambala, ndipo ikhoza kuyenda m'kanjira ka njinga. Chogwirira chopotokola ngati cha njinga yamoto, choti njinga iziyenda miyendo ili chete, pa njinga zatsopano kuyambira mu Januwale 2016 chimaloledwa mpaka makilomita 6 pa ola okha, liwiro la munthu woyenda ndawala, pokhapokha njingayo itayesedwa ndi kuvomerezedwa mwapadera.

Pali chimodzi chimene chimasokoneza anthu. Malirewo ndi a mota, si a munthu. Wamphamvu m'miyendo akhoza kupalasa mpaka mamailosi 20 kapena 25 osaphwanya lamulo la liwiro, pakuti zikwangwani za liwiro m'misewu ya kuno zimamanga galimoto ndi njinga zamoto, osati njinga zakapalasa. Zimamveka zachilendo, koma nzeru yake ilipo. Liwiro lochokera m'miyendo limatopetsa, limathera pachitunda, ndipo munthu amafika nalo atakhala pa chishalo zaka zambiri. Lochokera mu batire aliyense amaligula Lachisanu n'kuyamba kuligwiritsa ntchito Loweruka.

Njinga ikangodumpha malire amenewa, lamulo limaiwerenga ngati njinga yamoto. Imafunika kulembetsedwa ku DVLA, kukhala ndi nambala, inshuwalansi, laisensi ndi chisoti cholimba, ndipo m'kanjira ka njinga siiloledwanso. Wapolisi akaimitsa munthu pa njinga yotero amamulemba mlandu woyendetsa popanda inshuwalansi: mapaundi 300 ndi mapointi 6, njinga n'kulandidwa. Nkhani ikafika kukhoti, chindapusa chake chilibe malire oikika. Kwa ife obwera, mlandu wa kukhoti suthera pa ndalama, chifukwa umadzafunsidwanso pa mafomu a Home Office. Njinga yolandidwayo kawirikawiri siibwereranso, pakuti woifuna ayenera kuonetsa inshuwalansi, ndipo inshuwalansi ya njinga yosalembetsedwa, yolumikizidwa m'khitchini, munthu sangaipeze.

Chifukwa chimene ndikuikira kumbuyo makilomita 25 ndimachiona kuntchito. Munthu wa zaka 85 akagwa moipa, chimene timaopa kwambiri ndi fupa la m'chiuno, chifukwa ambiri amene athyoka pamenepo sayendanso monga kale, ndipo ena kunyumba kwawo sabwererako n'komwe. Agogo otere makutu analemera, khosi silitembenuka msanga, ndipo njinga yamagetsi siimveka ikamabwera. Safunika kugundidwa kuti agwe. Kungowadutsa ngati mphepo pafupi ndi ndodo yawo n'kokwanira, ndipo wokwerayo amapitirira osadziwa kuti kumbuyo wasiya munthu pansi. Ena amene sanagwe amangosiya kutuluka, ndipo zimenezo palibe buku la ngozi limene limazilemba. Ndiye pali masamu a kusukulu aja: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yogunda imawirikiza kanayi. Buku lanu la Highway Code limati galimoto yoyenda mamailosi 20 imaima pa mamita 12, yoyenda 30 imaima pa mamita 23. Imeneyo ndi galimoto ya matayala anayi. Nanga njinga ya mabuleki a timalabala tofinya limu, pa msewu wonyowa wa mu Novembala?

Mu Febuluwale 2024 unduna wanu unafunsa anthu maganizo pa zinthu ziwiri: kukweza mphamvu ya mota kufika mawati 500, ndi kulola chopotokola chija kuyendetsa njinga mpaka mamailosi 15.5 munthu osapalasa. Kumayambiriro kwa 2025 munalengeza kuti zimenezo mwazisiya. Munachita bwino, ndipo ngakhale opanga ndi ogulitsa njinga eniake, kudzera m'bungwe lawo la Bicycle Association, anali atakana maganizowo. Alipobe ena amene akufuna malire akwere kufika mamailosi 20, monga zilili ku America. Amati misewu yambiri ya m'mizinda tsopano ndi ya mamailosi 20, ku Wales n'kukhala lamulo la m'malo okhala anthu kuyambira mu Seputembala 2023, ndiye njinga itamayenda liwiro limodzi ndi galimoto sipangakhale kupitirirana koopsa. Mfundoyo si yopusa. Koma njinga siikhala pa msewu wa galimoto pokha. Imalowa m'paki, imadutsa m'mbali mwa ngalande, imagawana tinjira ndi mayi wokankha mwana ndi munthu wosaona wotsogozedwa ndi galu. Lamulo lolola mwana wa zaka 14 kukwera popanda laisensi kapena chisoti liyenera kupimidwa ndi malo amenewo.

Tsono tabwerani madzulo pa Oxford Road, kapena pa Wilmslow Road ku Rusholme, muime pafupi ndi malo ogulitsa nkhuku yokazinga, muone njinga zimene zatsamira pakhoma. Mupeza njinga zakapalasa zakale zimene anazula tayala lakumbuyo n'kuikapo lina la mota ya mawati 1,000, batire la ma volt 48 litamangidwa ndi tepi yakuda pakati pa felemu, mawaya ali lendelende. Zina tcheni chinachita dzimbiri kalekale, chifukwa palibe amapalasa. Njinga yotero mamailosi 30 pa ola imafika mosavuta, pa felemu ndi mabuleki zimene wozipanga sanaganizepo za liwiro limenelo kapena kulemera kumeneko. Palinso zina zimene zinatuluka m'fakitale zili zovomerezeka koma eni ake anazimasula, ndipo kumasula kwake n'kwachibwana. Njinga imadziwa liwiro lake powerenga kamaginito komangidwa pa sipoko, kamene kamadutsa pa sensa tayala likazungulira kamodzi. Kachipangizo kogula pa intaneti kamanamiza sensayo kuti iziwerenga theka, njinga n'kumayesa ikuyenda 12 pamene ikuyenda 24. Zina sizifuna n'kachipangizo komwe: munthu amangolowa m'kasikirini ka pa handulo n'kusintha nambala.

Funso limene ndikufuna mulifunse ndi lakuti munthu wa banja, wodziwa kuti akhoza kulandidwa njinga tsiku lililonse, amaguliranji yotero. Amalipidwa pa oda, osati pa ola. Nthawi imene waima panja pa lesitilanti kudikira kuti chakudya chipse kawirikawiri palibe amamuwerengera. Ndalama zili m'maola ochepa a nkhomaliro ndi mgonero, ndipo m'maola amenewo wonyamula maoda anayi amalipira lendi, wonyamula awiri amagona ndi ngongole. Komanso kupalasa kuyambira masana mpaka pakati pa usiku, m'mvula ya kuno, sabata ndi sabata, mawondo a munthu wa zaka 45 sangapirire. Chopotokola chija ndi chimene chimamufikitsa Lamlungu. Aliyense wokulira ku Malawi izi safuna kuuzidwa. Wakabaza wa njinga yamoto wa ku Lilongwe, amene mwini njinga akudikira ndalama yake madzulo, sathamanga chifukwa chokonda mphepo, ndipo apolisi akamulanda njinga, mawa pa siteji pomwepo paima mnzake wothamanga chimodzimodzi, pakuti chomuthamangitsacho sichinalandidwe.

Mu Novembala 2023 khoti la Supreme linagamula mlandu umene bungwe la ogwira ntchito la IWGB linabweretsa wokhudza okwera njinga a kampani yoperekera chakudya ya Deliveroo. Linati okwerawo si antchito a kampaniyo, makamaka chifukwa ali ndi ufulu wotuma munthu wina kukagwira m'malo mwawo, choncho sangaikakamize kukhala nawo pansi kukambirana za malipiro. Oweruza sindikuwatsutsa, anawerenga lamulo monga lilili. Koma taonani mmene zimathera pamsewu. Njinga ndi ya wokwera, batire ndi lake, ngozi ndi yake, mlandu ndi wake. Cha kampani ndi dzina pa chikwama ndi gawo lake pa oda iliyonse. Pa malole simunalole zotere. Lole yaikulu imakhala ndi chipangizo choiletsa kupitirira mamailosi 56, maola a dalaivala amalembedwa ndi makina, ndipo kampani imene madalaivala ake amaphwanya malamulo mobwerezabwereza ikhoza kulandidwa chiphaso ndi Traffic Commissioner. Pamenepo munaona kuti dalaivala amathamanga chifukwa cha amene anamupatsa nthawi yofikira. Pa njinga bwanji simukuona chomwecho?

Makampani operekera chakudya amati malamulo awo amaletsa njinga zosavomerezeka. Pamapepala n'zoona. Koma foni imene ili pa handulo ija imauza kampani pamene wokwera ali nthawi iliyonse. Ndi mmene kasitomala amaonera kanjinga kakuyenda pa mapu iye ali khale pa sofa. Wodziwa malo ndi nthawi amadziwanso liwiro. Akaunti yolembetsedwa kuti ndi ya njinga yakapalasa ikamakwera chitunda pa mamailosi 28 usiku uliwonse, kompyuta siingalephere kuona, pokhapokha ngati palibe anaiuza kuti iyang'ane. Ndipo taona kale kuti boma likafuna, makampaniwa amamva. Mu 2024, ndiponso mu 2025, a Home Office atadandaula za anthu ogwira ntchito opanda chilolezo, Deliveroo, Uber Eats ndi Just Eat anavomera kukhwimitsa kafufuzidwe ka okwera, mpaka kumawajambulitsa nkhope pa foni pafupipafupi. Njira yodziwira ngati nkhope ili yoyenera anaipeza. Yodziwira liwiro ndi yosavuta kuposa imeneyo.

Apa ndichenjeze, chifukwa ndikuopa kuti mungatenge theka la pempholi n'kusiya theka lina. Mukangowauza kuti azichotsa aliyense wothamanga, adzatseka maakaunti a anthu ndi batani limodzi, popanda womva mbali yawo, malipiro n'kukhala omwewo, ndipo ochotsedwawo adzakabwereka maakaunti a anzawo. Udindo ubwere limodzi ndi kusintha kwa kawerengedwe. Mtunda wa oda ndi nthawi yake ziwerengedwe pa liwiro la njinga yovomerezeka, ndipo malipiro akhale oti munthu woyenda makilomita 25 pa ola, woima pa loboti lofiira lililonse, azipeza ndalama yosachepera malipiro otsikitsitsa amene boma linaika. Ngati ntchito singalipire munthu womvera lamulo, ndiye kuti mtengo wa chakudya chofika pakhomowo ukutsika chifukwa cha kuphwanya lamulo, ndipo onse amene timaitanitsa tikudyako.

Ena anayesa kale. Ku China, kumene malire a njinga zamagetsi ndi makilomita 25 omwewa, boma mu Julayi 2021 linauza makampani operekera chakudya kuti asamayeze okwera ndi nthawi yofupikitsitsa imene kompyuta yawerengera, ndipo awonjezere nthawi yofikitsira oda. Sindikunena kuti kumeneko zonse zinakonzeka, koma anaona pamene pagona nkhani. Ku New York, mu Disembala 2023, makampani anakakamizidwa kuyamba kulipira operekera chakudya madola osachepera 17.96 pa ola, ndipo ndalamayo yakhala ikukwera. Malire a mamailosi 15 pa ola kwa njinga zamagetsi mzindawo unawaika mu Okutobala 2025. Malipiro anatsogola, liwiro linabwera pambuyo.

Wachiwiri wosagwidwa ndi wogulitsa. Kugulitsa mota ya mawati 1,000 kuno si mlandu. Wogulitsa amangolemba m'munsi, m'tizilembo tating'ono, kuti ndi yogwiritsa ntchito pamalo a mwini okha osati pa msewu wa boma, basi wasamba m'manja. Mnyamata wochita lendi chipinda chimodzi ku Longsight ali ndi munda uti woti akathamangitsiremo njinga? Wogulitsa akudziwa, msika wa pa intaneti umene ukudya nawo pa malondawo ukudziwa, inunso mukudziwa. Ena sataya n'nthawi ndi tizilembo tating'onoto: amangomata pepala la mawati 250 pa mota ya 750. Munthu wongofika kumene m'dziko muno, amene akuona njinga zomwezo pakhomo pa lesitilanti iliyonse, amagula poyesa kuti chogulitsidwa poyera ndi chololedwa. Amadzadziwira kwa wapolisi.

Ku France, lamulo la 2019 linafikira wamalonda wogulitsa zipangizo zomasulira liwiro la njinga, ndipo chindapusa chake chimafika ma euro 30,000. Kuno, mu Julayi 2025, Nyumba ya Malamulo inamaliza lamulo la Product Regulation and Metrology Act, limene limapatsa boma mphamvu yoika udindo pa misika ya pa intaneti. Ndikudziwa kuti lamulolo lili m'manja mwa nduna inzanu ya zamalonda. Koma ogundidwawo amagwera pa msewu wanu. Lamulolo palokha limangopereka mphamvu, ndipo zimene msika uyenera kuchita zimadalira malamulo ang'onoang'ono olembedwa pansi pake. Kakamirani kuti mwa iwo mukhale lakuti mawu oti "pamalo a mwini okha" asakhalenso chobisalira, kuti kumata nambala yabodza pa mota kukhale mlandu wolemera, ndi kuti msika umene walola malondawo uyankhe nawo.

Liwiro ndi moto ndi nkhani imodzi, ngakhale m'boma zili m'maofesi osiyana. Mota yaikulu imafuna batire lalikulu. Batire lalikulu la kampani yodziwika ndi lodula, ndiye munthu amagula lotchipa, n'kugula tchaja kwina, n'kumalitchaja usiku m'kanjira ka m'nyumba mmene aliyense adzafune kudutsa pothawa. Ozimitsa moto a ku London anawerenga moto wa njinga zamagetsi 143 mu 2023 mokha, ndipo chaka chimenecho anthu atatu anafa ndi moto wa mabatire otere mumzindawo. Mmodzi anafa ndi moto wa ku Shadwell mu Malichi, m'nyumba ya zipinda zochepa mmene munkagona amuna ambirimbiri pa mabedi osanjikiza, ena mwa iwo operekera chakudya. Njinga itayaka pa siteshoni ya Rayners Lane mu Febuluwale 2025, a Transport for London analetsa njinga zamagetsi zosapindika m'sitima zawo kuyambira pa 31 Malichi. Analetsa zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, chifukwa woima pageti sangazisiyanitse. Kumene tikulowera n'kumeneko. Namwino amene anasunga ndalama n'kugula njinga yovomerezeka kuti asamadikire basi ya usiku akuuzidwa kuti njinga yake isalowe muno, isagone umu, chifukwa cha batire limene iye sanagule. New York inaletsa kugulitsa njinga ndi mabatire osayesedwa mu Seputembala 2023, ndipo imfa za moto wa mabatire zinatsika kuchoka pa 18 chaka chimenecho kufika pa 6 mu 2024. Mzindawo unayambanso kusinthanitsa: woperekera chakudya amapereka njinga yoopsa n'kulandira yoyesedwa.

Kusinthanitsa kotero kuno n'kofunika, ndipo chifukwa chake chili m'ndondomeko yanu yomwe. Kuyambira mu 1999 pali Cycle to Work, imene imathandiza wantchito kugula njinga pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro ake msonkho usanadulidwe, ndipo kuyambira mu 2019 njinga zamagetsi zodula zimalowamo mosavuta. Koma imadutsira kwa bwana wolemba ntchito. Wodzilemba yekha salowamo, ndipo wolandira malipiro otsikitsitsa nayenso zimamuvuta, chifukwa kudulako sikuloledwa kumutsitsa pansi pa malipirowo. Ndiye wa mu ofesi, amene amakwera njinga kawiri pa tsiku, boma limamuchotsera msonkho pa njinga ya mapaundi 3,000, pamene munthu amene njinga ndiyo ntchito yake, amene khoti linati si wantchito wa aliyense, amatsala ndi msika wa pa intaneti. Njinga yovomerezeka yoti ipirire ganyu wa tsiku lonse imadutsa mapaundi 1,000. Mota yomangirira pa njinga yakale ndi mazana ochepa. Pamene munthu wotero apolisi amulanda njinga, pasakhale chindapusa chokha. Pakhale ndi khomo loti akagogode n'kupeza yovomerezeka pa ngongole yofewa kapena pa lendi, makampani aja atasonkhako.

Alipo ena amene liwiro akulifunadi pa chifukwa chomveka, monga wokhala kutali ndi kuntchito kumene basi siifika. Ku Netherlands, ku Belgium ndi ku Switzerland kuli gulu lapadera la njinga zofika makilomita 45 pa ola, zokhala ndi kanambala kumbuyo, ndipo wokwera amavala chisoti n'kukhala ndi chiphaso. Kuno njinga yotero lamulo limailola ngati moped, koma n'zosowa kuiona pamsewu. Fewetsani njira yoilembetsera, kuti wofuna kuthamanga akhale ndi nambala yoti tikhoza kuiwerenga, ndipo akhale pa msewu wa galimoto.

Sindikupempha kuti apolisi asiye kugwira. Ndikungonena kuti paokha sangathe. Pa 22 Meyi 2023 anyamata awiri, wa zaka 15 ndi wa zaka 16, anafa pa njinga yamoto yamagetsi ku Ely, mumzinda wa Cardiff, patangopita kanthawi galimoto ya apolisi itaoneka ikuwatsatira, ndipo usiku womwewo kunabuka chipolowe. Wapolisi aliyense amadziwa kuti kuthamangitsa njinga yotero m'misewu ya anthu ndi kuika miyoyo pachiswe. Ndiye amagwira wosavuta kugwira, amene waima panja pa shopu kudikira oda, foni ili m'manja. Akuba olanda mafoni, ovala zobisa nkhope, okwera njinga zothamanga kuposa zonsezi, sadikira oda ya munthu. Zithunzi za njinga zolandidwa zitaunjikidwa pa lole zimaoneka bwino m'nyuzipepala, koma sabata yomweyo mota zina zimafika pa positi.

Mundilole, a Nduna, nditembenukire kwa abale anga pang'ono, kuti asayese ndawaikira kumbuyo pa chilichonse. Achimwene, lendi si chilolezo chokwera pamene pamayenda anthu apansi, kapena chodutsa loboti lofiira, kapena choyenda usiku opanda nyali mutavala zakuda. Agogo amene ndimawasambitsa m'mawa sanakuikireni mtengo wa oda. Njinga yanu muiyese nokha: ngati imayenda osapalasa kuposa munthu woyenda ndawala, kapena mota ikukankhabe pamene kasikirini kakuonetsa mamailosi 20, ndiye kuti mwakwera njinga yamoto yopanda inshuwalansi, kaya pa mota pamatidwa pepala lanji. Mukagunda munthu n'kufa, mudzaimbidwa mlandu ngati dalaivala, ndipo kuyambira mu 2022 chilango chachikulu cha kupha munthu poyendetsa moopsa ndi kukhala m'ndende moyo wonse. Kampani imene dzina lake lili pa chikwama chanu kukhoti sidzabwera. Batire musalitchaje mukugona, musaliike pakhomo lotulukira, ndipo likatupa kapena kutentha mwachilendo lichotseni m'nyumba tsiku lomwelo.

Ndibwerere kwa inu. Zimene a Home Office anachita ndi makampani atatu aja zikhoza kuchitikanso ku ofesi yanu ya pa Horseferry Road. Mukawaitana, muwafunse mafunso awiri ndipo muwauze abwere ndi mayankho olembedwa: ndi maakaunti angati olembetsedwa ngati njinga zakapalasa amene mwezi wathawu anayenda pa liwiro limene miyendo singafike, ndipo munthu woyenda makilomita 25 pa ola amapeza zingati pa ola akachotsa nthawi yodikira. Pa tebulo lomwelo pakhale a misika ya pa intaneti, ozimitsa moto, ndi wina woimira osaona ndi okalamba. Okwera njinga nawonso muwaitane, osati oimira makampani okha, ndipo msonkhanowo muuike cha m'ma 3 koloko masana, pakati pa nkhomaliro ndi mgonero, kuti obwerawo asataye ndalama ya tsiku.

Ine wanu,
Wosamalira okalamba wa ku Manchester